Kuseri kwa Mapepala a Suzuna

Sukulu zikatsekera m'chilimwe, benchi ya m'kolido mwathu imadzaza. Ndikuti mwathu ngati chipatalacho n'changa, chonsecho sindine dokotala kapena namwino. Ndine Tokunaga, nkhalamba imene inaphikira ana a sukulu mpaka msana unakana, ndipo masiku ano ndimakankha kangolo ka mabuku mongodzipereka. Malo anga ndi kunja kwa chitseko chagalasi cha wodi ya ana. Mwana amene sanamalize pulayimale sadutsa chitseko chimenecho, kuopa kuti angalowetse chikuku kapena chimfine kwa anzake amene matupi awo sangalimbane ndi kanthu. Ndiye amayi amalowa kukaona wodwala, mbale wake wa wodwalayo n'kutsala ndi ine. Ana otsalawa palibe amene amawafunsa kuti adzuka bwanji. Mwina n'chifukwa chake timamvana, ngakhale ndili ndi mtima wapachala.

Suzuna anabwera tchuthi chitangoyamba. Anali wa kalasi yoyamba, kachipewa kaudzu kumutu, kabotolo ka tiyi wozizira kakulendewera m'khosi. Amayi ake, a Hirose, anawerama kambirimbiri n'kumati, "Pepani, tikuvutitsani," kenako anasamba m'manja, n'kulowa. Mlongo wake wa Suzuna, Gaku, wa zaka zisanu, anagonekedwa mu Epulo ndi matenda a m'magazi. Kuyambira pamenepo awiriwa anali asanaonane.

"Bwera usankhe buku," ndinatero.

"Onsewa ndinawerenga."

"Sunatsegule ndi limodzi lomwe."

"Ndikuwadziwa. Ndi obowa."

Mawu amenewa amandiyabwa m'makutu. Ine ndinakula kopanda buku lazithunzi ndi limodzi lomwe, ndiye mwana akaimirira patsogolo pa kangolo kodzaza n'kumati waboweka, ndimafuna kumufinya tsaya. Koma atatsegula pakamwa ndinaona kuti mano awiri akutsogolo akumwamba kulibe, usinini wokhawokha, ndipo mkwiyo unanditha.

"Mano unasiya kuti? Wabwereketsa?"

Anatseka pakamwa ndi dzanja. "Anagweluka okha. Amera ena."

"Anga anagweluka okha, sanamerenso. Awa ukuwaonawa ndimavula ndikamagona."

Sanaseke. Anakhala pabenchi n'kumagwedeza miyendo.

Ndinayesa zonse zimene ndimadziwa. Tinapinda achule apepala amene amadumpha ukawadina kumbuyo. Tinasewera ulusi pazala. Ndinamupatsa mabuku aja ofufuza kamphaka kobisika pachithunzi cha msika, iye n'kukapeza ndisanavale n'magalasi omwe. Ntchito ya sukulu ya patchuthi anaimaliza mwaukali, ngati akulanga pensulo. Kunja nyenje zinkalira osapuma, kutentha kwake kosati n'kutulukira panja, ndipo masana tinkadya mpunga woumba umene amayi ake ankamusiyira, iye akutafunira kumbali chifukwa cha mpata uja. Chilichonse chikatha ankati, "Agogo, ndaboweka."

Tsiku lina namwino anadutsa kuseri kwa galasi akukankha mwana wina pampando wamatayala. Sanali Gaku. Anali kamtsikana, mutu wopanda tsitsi ndi limodzi lomwe, masaya otupa ndi mankhwala, timapaipi tikutuluka m'malaya. Suzuna anali atagunditsa mphuno pagalasi. Anabwerera chafutambuyo mpaka anagunda kangolo kanga.

"Gaku nayenso ali choncho?"

Ine ana sindiwanamiza. "Mwina ali choncho," ndinatero.

Kuyambira tsiku limenelo anasintha pokhala. Ankakhala kumapeto kwa benchi, msana ataulozetsa kuchitseko. Amayi ake akatuluka ndi foni kuti amuonetse zithunzi za Gaku, iye ankati akumva ludzu, mwina akufuna kuchimbudzi. Kuboweka kunawonjezeka. Ndinazindikira mochedwa, ine wodzitcha wodziwa ana, kuti mwanayu sanali kunyong'onyeka ayi. Anali ndi mantha, koma mawu amene ankawadziwa ndi omwe aja.

Chakumayambiriro kwa Ogasiti a Hirose anatuluka m'wodi maso ali ofiira. Anagwada patsogolo pa mwana wawo, ine ndikunamizira kusanja mabuku.

"Suzuna, tamvera. Gaku akukalowa m'chipinda china, chotsekedwa. Ngakhale ine ndizikalowa nditavala zoyera thupi lonse. Akakhala m'menemo nthawi yaitali. Koma a Shimazu, anamwino aakulu aja, avomera kuti Lachinayi amubweretse pagalasi apa kwa kanthawi. Umuona."

"Zobowa," anatero Suzuna, akuyang'ana nsapato zake.

"Iwe! Mlongo wako amakufunsa tsiku ndi tsiku, ndiye iwe ukuti..." Anaimirira, nandiweramira ngati alakwira ine, n'kulowanso.

Ndinakhala m'kolido muja zaka zokwanira kuti ndidziwe tanthauzo la chipinda chimenecho. Ana ena amatulukamo n'kubwerera kusukulu. Ena satuluka. Lachinayi likanatha kukhala tsiku lomaliza kuti ana awiriwa aonane, ndipo mmodzi wa iwo anali atatsimikiza mtima kuti sayang'ana. Zinandipweteka. Ndinaona kutsogolo mtsikanayu ali mayi wamkulu, akukumbukira kuti anapatsidwa mpata n'kuyang'ana nsapato.

M'mawa mwake ndinabwera ndi bokosi la kamishibai, sewero lija la zithunzi. Ndi kabokosi kamatabwa kokhala ndi tizitseko kutsogolo. Umalowetsamo mapepala olimba osanjikizana, ana amaona chithunzi chapatsogolo, iwe n'kumawerenga mawu kumbuyo, uku ukusolola pepala limodzilimodzi. Ndinawachitira ana atatu amene analipo tsiku limenelo nkhani ya nkhanu yopanda ulemu. Suzuna sanayang'ane zithunzi. Anazungulira kumbuyo n'kumayang'ana ine.

"Agogo, munthu wowerengayo saoneka?"

"Waulesi ndiye amabisala kumbuyo kwa bokosi. Wodziwa ntchito amaima pambali, ana azimuona nkhope."

"Koma akhoza kubisala."

"Akhoza."

"Ndipanga yanga. Ya Gaku. Amakonda zikumbu zanyanga."

Ndinadziwa chimene chinamukopa, koma ndinati bola akaimirire pagalasipo kusiyana ndi kuthawira kuchimbudzi. Ndinamupatsa mapepala olimba aakulu ndi makrayoni.

"Tsono tamvera, chifukwa apa ndi pamene aliyense amalakwitsa. Mawu a chithunzi choyamba sulemba kumbuyo kwake ayi. Mapepala akakhala m'bokosi, iwe umaona msana wa lomwe lili kumapeto. Ndiye mawu a choyamba umalemba kumsana kwa lomaliza. Ukasolola loyamba n'kulibwezera kumbuyo, kumsana kwake kukhale mawu a chachiwiri. Wamva?"

"Ndikudziwa!"

"Tabwereza zimene ndanena."

"Ndati ndikudziwa, agogo inu. Mukundisokoneza."

Masiku otsatirawo mawu akuti kubowa sindinawamvenso. Ankagwada pansi, benchi ngati tebulo, msana ukadali kuchitseko, lilime lili pampata wa mano paja. Ndikayandikira ankaphimba ndi mkono. Krayoni yofiira inatha, ndinakagula ina. Mawu anati akalemba kunyumba, poti m'kolido muli phokoso. Phokoso lake linali ine.

Lachinayi anabwera atavala diresi yabuluu, tsitsi atamumanga bwino. Amayi ake analowa kukakonzekeretsa Gaku. Tinagwirizana kuti andiimbire foni ali m'kati, ine n'kukweza mawu, kuti ana azimvana, chifukwa galasi limenelo silidutsa mawu. Ndinakokera katebulo pafupi ndi chitseko n'kuikapo bokosi. Suzuna anayesa kuima kumbuyo kwake, n'kupinda mawondo pang'ono. Sankaoneka ngakhale nsonga ya tsitsi.

"Bweretsa tilowetse," ndinatero.

Ndinalowetsa mapepala. Kutsogolo kunaoneka chikumbu chakuda chanyanga yaitali chitaima pachivwende. Kumbuyo kunali zilembo zake zokhotakhota, zonena kuti chikumbu chinauluka kupita kwawo, nkhani yatha. Ndinasolola onse n'kuwatembenuza limodzilimodzi. Pepala lililonse linali ndi mawu ake kumsana kwake.

"Suzuna, ndinakuuza chiyani?"

Anayang'ana mapepalawo, nayang'ana bokosi, ndipo ndinaona nkhope yake ikugwa pamene anamvetsa. M'bokosi sakanatha kuwerenga. Chithunzi chikanakhala china, mawu ena. Njira yotsala inali kugwira pepala limodzilimodzi m'manja.

"Konzani! Agogo, konzani msanga!"

Njira inalipo, sindikana. Ndikanatha kukopera mawuwo papepala lapadera, iye n'kumawerenga ali kuseri kwa bokosi lake. Dzanja langa linafika mpaka pathumba la epuloni pamene pamakhala cholembera. Kenako ndinalibweza.

"Nthawi yatha. Uzigwira m'manja."

"Ndiye werengani inuyo."

"Gaku sakudikira nkhalamba."

"Ndinu oipa!"

"Anthu ambiri ananena kale zimenezo. Imirira apa."

Ndinachotsa bokosi n'kusanja mapepala patebulo. Foni inalira m'thumba. Suzuna anatsomphola pepala loyamba n'kulikweza ndi manja awiri mpaka linaphimba nkhope yonse, ndipo m'pamene anthu a m'kati anatulukira pakona.

Ine ndiye ndinamuona Gaku poyamba. A Shimazu ankakankha mpando wamatayala, amayi ake akukoka chitsulo cha diripu. Anali wochepa kuposa zaka zake. Tsitsi analibe, nsidze analibe, masaya anali otupa, ndipo masiki inaphimba mphuno ndi pakamwa. Maso okha ndiwo ankayendayenda, kufunafuna. Anapeza diresi yabuluu, miyendo iwiri yowonda, ndi chikumbu pamalo pa mutu.

"Achemwali?" mawu anatuluka pafoni, aang'ono, osasa.

Suzuna anayamba kuwerenga, mofulumira, ngati mwana wothamangitsidwa ndi galu. Panali chikumbu china chosusuka. Chinapeza chivwende chachikulu kuposa nyumba. Anzake anati tigawane, icho chinati ayi, n'changa. Anafika kumapeto kwa mawu a pepalalo n'kuima.

Pepala lachiwiri linali patebulo. Anayesa kugwira loyambalo ndi dzanja limodzi, lina likupapasa, koma pepalalo linali lalikulu, linayamba kupindika.

"Agogo, ndipatseni," ananong'ona.

"Manja anga agwira foni." Ndinali nditaigwira ndi manja onse awiri, kafoni kopepuka ngati bisiketi.

"Ndipatseni!"

"Tenga wekha."

Anatembenukira kwa ine atapsa mtima, pepala likutsika osadziwa, pakamwa pali yasa. "Agogo inu!"

"Eee! Achemwali! Mano anu ali kuti?"

Mwana aliyense amene ali ndi mlongo wamng'ono amadziwa kuti chipongwe chotere sichidikira. Suzuna anayankha asanaganize. Anatembenuka n'kuyang'ana pagalasi.

"Anagweluka, chitsiru iwe!"

Basi anamuona. Pepala linali litafika pamawondo. Anamuyang'ana kumutu, masaya, kapaipi ka padzanja, n'kubwereranso kumaso. Mwendo umodzi unabwerera m'mbuyo, ndipo ndinati mumtima, wathawa, ndalakwitsa, ndamuwonongera zonse mwana wa eni.

"Nanga iwe tsitsi lako lili kuti?" anatero.

A Hirose anagwira pakamwa. A Shimazu anayang'ana kudenga.

"Limeranso," anatero Gaku. "Adokotala anena. Koma mano anuwo sameranso."

"Amera!"

"Samera. Mukhala ngati agogo awo." Analoza ine ndi kachala.

"Ine ndili nawo, tawaona," ndinatero, n'kuwagwedeza ndi lilime mmene ndimachitira ndikafuna kuopseza ana osamva. Mapewa a Gaku anayamba kugwedezeka. Ankaseka m'kati mwa masiki, maso atatsinzina.

"Munawaponya pansi pa nyumba?" anafunsa atapuma. Kwathu kuno mano akumwamba akagweluka, ana amawaponya kunsi kwa nyumba kuti atsopano amere bwino.

"Kwathu kuli pansi pa nyumba? Timakhala m'mwamba mwa nyumba yosanja, waiwala? Ndinaponya kuchokera pakhonde. Anagwera poimika njinga."

"Popanda ine?"

"Unali kuno," anatero motsitsa.

"Akamera mudzandionetse."

"Ndidzakuonetsa."

"Apa pomwe."

"Ndati ndidzakuonetsa. Ukufuna nkhani kapena ayi?"

Anatenga pepala lachiwiri. Sanalikweze kumaso. Analigwira pachifuwa, mutu uli pamwamba pake, n'kumasuzumira mawu mozondoka, ndipo pomwe sankatha kuwerenga ankangopeka. Ine amene ndimakalipira anthu akuluakulu akagwira mapepala molakwika ndinangoti chete. Chikumbu chinadya chivwende chonse. Mimba inakula, mapiko analephera kuchinyamula. Anzake anachikankha, ayi ndithu. Kenako chinaphwisa, njere za chivwende zinauluka mudzi wonse, ndipo Suzuna anajambula njerezo pepala lathunthu. Phokoso lake analichita ndi pakamwa, mpata wa mano uja n'kumuthandiza. Gaku anati abwereze. Anabwereza. Anati abwerezenso.

Pofika pepala lomaliza mutu wa Gaku unali utatsamira kumbali. Maso anali otsegula koma olemera. A Shimazu anawerama n'kunena kanthu kwa amayi ake, ndipo ndinamva pafoni amayiwo akuti, "Gaku, tsanzika."

Anakweza dzanja pang'ono. Suzuna anaika chikhato pagalasi. Mpando unatembenuka, ndipo anauyang'ana mpaka unakhota pakona. Foni inaduka.

Anakakhala pabenchi, pakati, moyang'ana chitseko. Ndinakhala pambali pake n'kumutsegulira kabotolo kake ka tiyi. Anamwa pang'ono, kenako misozi inayamba, yopanda phokoso. Sindinamuletse. Ana a m'kolido muja amaletsedwa kulira kokwanira kunyumba kwawo.

"Agogo."

"Ee."

"Ndi Gaku yemwe uja."

"Ndi yemwe uja."

Patapita kanthawi ndinatola mapepala aja. "Ukafuna timate mapepala oyera kumsanaku, ulembenso bwinobwino, alowe m'bokosi."

"Ayi. Asiyeni choncho."

Tchuthi chonse chotsalacho ankabwerabe, ngakhale kuseri kwa galasi kunalibe woti amuone. Anawerenga mabuku aja ankati anawerenga kale. Kamnyamata kena katsopano katabwera, kolira amayi ake akangolowa, Suzuna anakapindira chule n'kukauza kuti agogowa ndi aukali koma mano awo ndi ovula. Sukulu zitatsegulira mu Seputembala sindinamuonenso. A Hirose ndinkawaona akudutsa mothamanga, tinkangoweramirana. M'kolido muja sitifunsa. Munthu akafuna kunena amanena yekha.

Anabwera mu Disembala, tsiku lozizira, ine ndikupukuta zikuto za mabuku. A Hirose anali atavala chikhoti chakuda, m'manja muli bokosi la makeke lokulungidwa bwino, la anamwino. Sanasambe m'manja polowera paja. Anangodina belu n'kudikira kuti wina atuluke. Ndinadziwa. Anabwera kwa ine n'kuwerama nthawi yaitali.

"Munatisamala kwambiri," anatero. "Gaku anatisiya mwezi watha. M'chipinda muja ankangonena za chikumbu chija. Anamwino onse anawaphunzitsa phokoso lake."

Ndinawerama nanenso.

Suzuna anali kumbuyo kwawo, atatalika pang'ono, mpango utazungulira khosi mpaka kukamwa. Sanandipatse moni. Anadutsa kangolo, anadutsa benchi, nakaima pamalo pomwe paja panali katebulo. Kuseri kwa galasi kunalibe munthu, kolido yoyera yokha ndi chitsulo cha diripu chimene wina anachisiya pakhoma. Anatsitsa mpango. Kenako anakweza mlomo wakumwamba ndi zala ziwiri n'kuyandikira mpaka mphuno inagunda galasi.

Ndinawaona m'chithunzithunzi chake pagalasipo. Mano awiri atsopano, aakulu kuposa nkhope yake, onga macheka kunsonga, limodzi litatsogola linzake.

"Amera," anatero. "Waona?"

Anaima choncho kanthawi, monga munthu wopatsa mnzake mpata kuti aonetsetse. Amayi ake anatembenukira kukhoma. Ine ndinalira poyera, ndi nsanza yopukutira mabuku m'manja, ndipo sindinachite nazo manyazi. Suzuna anapukuta nthunzi ya mpweya wake pagalasipo ndi mkono wa juzi, nakweza mpango, n'kupita kukagwira dzanja la amayi ake.